Mafuta angathe bwanji oyendetsa ndege ali maso?

Achimwene, mwafunsa ngati n'zotheka kuti ndege ithe mafuta ikuzungulira kudikira kutera, oyendetsa ali momwemo. Zimatheka ndithu. Pa 28 Disembala 1978, ndege ya United Airlines 173 inazungulira pafupifupi ola lathunthu kufupi ndi mzinda wa Portland ku America chifukwa cha vuto la matayala oterera. Maganizo onse a kaputeni anali pa matayalawo. Anzake awiri ankaona kuti mafuta akuchepa, koma ankangotchula mwaulemu, osanenetsa kuti atere msanga. Ulemu wotere umandipweteka mtima kwabasi. Mainjini anazima, ndege n'kugwera m'dera lokhala anthu, ndipo mwa anthu 189 omwe anakwera, 10 anamwalira.

Ngoziyi inathandiza kuti kampani ya United iyambe mu 1981 maphunziro a CRM, a kagwiridwe ntchito mogwirizana pakati pa oyendetsa ndege, ophunzitsa wamng'ono kulankhula mosapsatira, wamkulunso kumvetsera.