Sienta imeneyo mukaione m'mawa, injini ili yozizira

Achimwene, mwati mutafika kukaona galimoto ya Sienta mukufuna kugulayo munapeza injini ili yotentha kale? Bwererani mawa m'mawa muli ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa. Ogulitsa amailiza dala musanafike chifukwa ikazizira m'pamene imaulula matenda ake. Igwireni ndi dzanja kaye, kenako muilize nokha, wina ataima kumbuyo pa ekizozi. Utsi wabuluu ndiye kuti ikudya oyilo, ma ring kapena ma valve seal, tizipangizo totchinga oyilo kuti asalowe moyakira mafuta, atha. Wakuda ndi mafuta ochuluka, nthawi zambiri zimakonzeka. Koma woyera wokhuthala, wosaleka ngakhale injini yatentha, amenewo ndi madzi akulowa m'masilinda, gasiketi, chomatira cha pakati pa hedi (chivindikiro cha masilinda) ndi thunthu la injini, yapita.

Gasiketiyo ndi imene imaliritsa anthu. Tsegulani chotsekera oyilo, mukaona phala loyerera ngati chambiko pansi pake, samalani. Tsegulaninso radiyeta isanatenthe, muilize, muone ngati madzi akubwata thovu losalekeza. Ogulitsa ena alibe chisoni ngakhale pang'ono! Amachotsa thermostat, kachipangizo kowongolera kutentha kwa injini, amathira mankhwala otseka kudontha, amaika oyilo wokhuthala wa 20W-50 kuti kugogoda kusamveke, mpaka kuzula kababu ka check engine. Mukapotokola kiyi osaliza, kanyali kameneko kayenera kuyaka, injini ikalira kazime. Mutauni galimoto imayenda bwinobwino, munthu n'kumati ndagula. Tsiku lokwera Thabwa kuchokera ku Chikwawa, ana ali kumbuyo ndi matumba a chimanga, kanyali kofiira ka kutentha kayaka, mphamvu yatha, nthunzi ili tolotolo pa boneti, hedi yapindika, madzi asakanikirana ndi oyilo. Muimbire wogulitsa uja, foni yazimitsidwa. Ndalama ya thukuta lanu yapita choncho.

Makaniko ayeze compression, mphamvu yopanikiza mpweya, pa masilinda onse anayi, asasiyane kupyola 10 peresenti. Alumikize kompyuta aone ngati ma code osonyeza mavuto a injini afufutidwa posachedwa. Muyendetse mphindi 30, mukwere nayo chitunda AC ili yoyatsa, muime muone ngati fani ikuyaka yokha. Injini yotsukidwa mbee nayonso muikayikire, amabisa podontha oyilo.

Komabe ngati bodi ndi giyabokisi zili bwino ndipo mapepala ndi oona, musaithawe msanga ngakhale injini ili ndi vuto. Injini ya 1NZ, imene imakhala mu Sienta zambiri, imapezeka, mufunse mtengo wake kaye, auchotse pa mtengo wa galimotoyo.