Za kwanu mukuzidziwa, lembani

Achemwali ena amene amasamalira nkhalamba ku Dublin andilembera imelo. Akufuna kulemba nkhani za kwawo ku Ntcheu, koma abale awaseka kuti "za kuno mukuzidziwa inu?" Ndiye akufunsa ngati ku Ireland kuli mlembi amene analembapo za kuchoka kwawo.

Achemwali, mawu amenewo ananenedwapo kwa inenso, ndipo mpaka lero amandibaya. Nditapita kumaliro a malume, chipinda chomwe ndinkagona ndinachipeza chadzaza matumba a chimanga ndi njinga yopanda tcheni. Palibe analakwa, chimanga chiyenera kukhala penapake. Koma ndisanasambe n'komwe, azakhali anali atandifunsa kale kuti "mubwerera liti?" Kusiwa anandibweretsera mpando pomwe amayi anzanga onse ali pamphasa. Ndikagwira ndowa kuti ndikatunge madzi, wina ankandilanda, ati mungatope. Ulemu woterewu umawawa kuposa mwano. Ndalama zathu za chipepeso amalandira ndi manja awiri, koma pokambirana za munda wa malemu, maganizo athu amangowadumpha. Ndisayambe za nyumba zomwe timamanga kumudzi n'kumangoziona pa WhatsApp.

Amene anandithandiza kumvetsa zonsezi ndi mlembi wa ku Ireland, Maeve Brennan. Anabadwira ku Dublin mu 1917, bambo ake a Robert Brennan ali m'ndende chifukwa choukira nawo ulamuliro wa Britain mu 1916. Mu 1934, iye ali ndi zaka 17, banja lonse linasamukira ku Washington bambowo atapatsidwa ntchito yoyimira dziko lawo. Makolo anadzabwerera ku Ireland, iye anatsalira. Kuyambira 1949 ankagwira ntchito ku magazini ya The New Yorker, ndipo zaka zambiri ankangokhala m'mahotela ndi m'zipinda za lendi ku Manhattan, mumzinda wa New York.

Tsono taonani. Nkhani zake zamphamvu kwambiri anazitchera m'kanyumba kamodzi ka ku Ranelagh, dera la ku Dublin, mumsewu wa Cherryfield Avenue komwe anakulira. Masitepe, kadimba ka kuseri, mwamuna ndi mkazi amene akalamba pamodzi osauzana za kumtima. Sanayese kulemba ngati akudziwa Dublin wa nthawi imene ankalembayo. Analemba nyumba imene anaisiya, ndipo palibe wotsala kumudzi amene akanamuposa pamenepo. Apa ndiye sindigonja: wokhala pamalo tsiku ndi tsiku saonanso khoma lake, amene anachoka ndi amene amakumbukira pomwe linang'aluka. Abale anuwo akudziwa mtengo wa feteleza chaka chino, zoona. Koma afunseni mmene khitchini ya agogo inkanunkhira mvula ikagwa, muone ngati sangokanda mutu.

Sindikunena kuti moyo wake ndi wosiririka. Anadwala matenda a maganizo, nthawi zina n'kumagona ku ofesi ya magazini ija, ndipo anamwalira mu 1993 m'nyumba yosungira okalamba ku New York, ambiri ku Ireland atamuiwala. Inu amene mumagwira ntchito m'nyumba zoterezi mukudziwa kuti kumakhala ena osachezeredwa.

Nanga muyambire pati?

Yambani ndi The Visitor, kabuku kakafupi kamene kanapezeka iye atamwalira n'kusindikizidwa mu 2000. Mtsikana abwerera ku Dublin kuchokera ku Paris mayi ake atamwalira, akuganiza kuti wafika kwawo, koma agogo ake amutenga ngati mlendo wodutsa. Mukatero werengani nkhani za mu The Springs of Affection, kenako The Long-Winded Lady, momwe ankalemba za anthu amene ankawaona m'malesitilanti ndi m'misewu ya New York. Musagule msanga, khadi la laibulale ku Dublin ndi laulere. Ndipo zomwe mulembezo musayambe mwazitumiza pa gulu la banja.