Mafunso a Owerenga: Galamala amakhoza, nanga kalata ikumukanikiranji?

FUNSO: Mwana wanga ali Folomu 3. Mayeso a galamala ya Chingerezi amakhoza bwino, koma nditamuuza kuti alembe kalata yopempha ganyu ya pa holide, anangoti kakasi. Kodi Chingerezi amaphunzirachi n'cha mayeso okha? – Mayi wa ku Balaka

YANKHO: Ayi ndithu mayi. Silabasi yomwe imakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi imafuna kuti mwana azitha kumvetsera, kuyankhula, kuwerenga, kulemba ndiponso kusinkhasinkha zomwe wawerenga. Galamala ndi gawo limodzi chabe. Koma kalasi ikadzaza, mphunzitsi amathamangira mafunso ongosankha yankho chifukwa sachedwa kuchonga, pamene zimangirizo zimadya usiku wonse. Mwana amakula akudziwa malamulo a chiyankhulo, osachigwiritsa ntchito.

Ife tikuona kuti gawo lomwe lingamupindulire kwambiri ndi lomwe amalitcha note-making, ndipo limabwera pa mayeso a MSCE. Ndi luso lotapa mfundo m'nkhani yaitali, lomwe lija amaligwiritsa ntchito mlembi wa komiti kapena wophunzira wa ku koleji. Pezani nyuzi yakale ya Chingerezi, musankhe nkhani ya ndime zisanu kapena zisanu ndi imodzi. Aiwerenge kawiri, ulendo woyamba cholembera chili pansi. Kenako aipatse mutu wa mawu ochepa, alembe mfundo zikuluzikulu zitatu kapena zinayi zokhala ndi manambala, ndipo pansi pa iliyonse aike timfundo tothandizira, mwachidule, osati ziganizo zathunthu. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya: amangokopera ziganizo momwe zilili, chifukwa sanamvetse nkhaniyo. Mukafuna kumuyesa, atseke nyuziyo akufotokozereni m'Chichewa poyang'ana notsi zake zokha. Akalephera, ndiye kuti anangokopera. Mphindi 20, katatu pa sabata, n'zokwanira. Kapepala ka malangizo a mankhwala kangagwirenso ntchito yomweyi.

Za kalatayo, ili ndi ziwalo zake: keyala ya wolemba, deti, keyala ya wolandira, malonje, mutu wa kalata, kenako ndime zitatu. Yoyamba inene ntchito yomwe akufuna, yachiwiri zomwe amatha, yachitatu nthawi yomwe angayambe ndi momwe angapezekere. Akayamba ndi "Dear Sir" kapena "Dear Madam", atsirize ndi "Yours faithfully", asayine, dzina lake pansi. Ana ambiri amayamba n'kufunsa za moyo ngati akulembera malume awo. M'kalata ya ntchito zimenezo sizilowa. Chilembedwe chodula mawu cha pa WhatsApp nacho achisiye pafoni pomwepo.

Kuyankhula ndiye kumafuna anthu. Ngati pasukulu pali kalabu ya mtsutso, alowe, ngakhale teremu yoyamba azingomvera anzake. Ngati palibe, azimvera nkhani za m'Chingerezi pa wailesi ya MBC, zikatha akuuzeni mitu itatu yomwe wamva.