Nyali ya buleki ikuzilala m'malo mowala

FUNSO: Akulu, ndili ndi Honda CG125 ya 1978, ya 6V ija, anandisiyira ndi malume anga ndipo injini yake ilibe vuto olo pang'ono. Koma nyali yakumbuyo yandisowetsa mtendere. Masana ndikaponda buleki imangofiira pang'ono ngati khala lomwe likufuna kuzima, usiku ndikayatsa magetsi nkuponda buleki, m'malo moti iwale kwambiri imachita kuzilala. Babu ndasintha kawiri koma palibe chasintha. Mnzanga akuti ndizule mawaya onse ndiike atsopano. Nditani? Ndine wowerenga wanu.

YANKHO: Achimwene, mnzanuyo muuzeni adikire kaye, musadule waya olo mmodzi. Zomwe mwafotokozazi, makamaka zakuzilala usikuzo, zikuloza ku earth, njira yobwezera moto ku felemu, ndipo pa njinga zakale vuto limeneli nde lambiri kuposa ena onse.

Babu yakumbuyo ili ndi timawaya tiwiri mkati, kena kamphamvu ka buleki, nthawi zambiri 21W, kena kofooka ka usiku, ka 5W, ndipo tonse tiwiri timabweza moto kudzera njira imodzi, chitsulo cha babu chokhudza soketi, kuchoka apo kupita ku felemu. Nde njira imeneyo ikatsekeka ndi dzimbiri moto sumangokhala ayi, umafuna potulukira, umalowa chambuyo mu kawaya ka usiku kaja, mapeto ake timawaya tonse timagawana moto wochepa womwewo nkumaoneka ngati nyali yatopa. Pa njinga zina mpaka kanyali ka pa sipidomita kamathwanima ukaponda buleki, munthu nkumaganiza kuti njinga yalodzedwa.

Kuyesa kwake sikufuna ndalama. Pezani waya wautali, mbali imodzi mumange ku negative ya batire, inayo mukhudzitse chitsulo cha soketi ya babu, kiyi ali on, wina akuponderani buleki. Ikawala bwinobwino basi mwalipeza. Masulani nyali yonse, palani ndi sandipepa mkati mwa soketi ndi pomwe mabawuti amagwira madigadi mpaka chitsulo chiyere, onaninso waya wobiriwira, pa Honda ameneyo nde earth, amakonda kuthothoka kapena kuwola pa joini. Ndipo ngati njingayi inapentedwapo musaiwale kuti penti imatseka moto ngati dzimbiri lomwe, anthu ambiri amakongoletsa njinga nkudzipangira okha vutoli. Ineyo ndimakonda kungoika waya watsopano wa earth kuchoka pa soketi mpaka pa felemu, osadaliranso madigadi, mukamaliza pakani kagilisi pang'ono kuti madzi asayambenso ntchito yawo.

Komabe mababu awiri mwagulawo tayang'anani zomwe zalembedwa pachitsulo chake. Ya 12V imalowa bwinobwino mu soketi ya 6V, maonekedwe ndi amodzi, koma kuwala kwake nkwa khala lomwe mwanenalo. Komanso timapini take tiwiri sitili pa mzere umodzi, kena kali mmwamba kena mmunsi, mukaikakamiza mozondoka ka 5W nkomwe kamayaka pa buleki.

Batire musaidumphe. Pa njinga zimenezi nyali ya buleki, hutala ndi maindiketa zimadya ku batire, nde lizani hutala injini ili chete, ikamalira mosasa mawu batire yafooka. Yodzadza bwino imaonetsa cha m'ma 6.3V pa mita yoyezera magetsi. Pukutani materminal a batire ndi pokhala fyuzi pomwe.

Swichi ya nyali ya buleki ndaisiya kumapeto dala chifukwa kwa inu sindikuikayikira kwambiri, nyali ikuyankha ndithu mukaponda ngakhale mofooka. Koma poti mwagwada kale pamenepo, ili pafupi ndi chopondera buleki, imakokedwa ndi kasipuling'i. Zulani mawaya ake awiri, wakuda ndi wobiriwira wa mzere wachikasu, mukhudzitse okhaokha a mbali ya njinga, osati a ku swichi, kiyi ali on. Nyali ikawala kwambiri kuposa mmene imachitira mukaponda, ndekuti mkati mwa swichi mwadetsedwa, ipopereni mankhwala otsukira kapena ingosinthani. Poichuna muzizunguza nati, swichiyo mutaigwira, mukazunguza swichi yeniyeniyo mawaya amapotana nkuduka. Ichuneni kuti nyali iziyaka buleki isanayambe kugwira, wakumbuyo kwanu aziona msanga, koma osakokanso kwambiri mpaka kumayaka yokha, batire ya 6V ndi yaing'ono siichedwa kutha.

Za kusintha mawaya onse zija muziganizire pokhapokha mutapeza kuti chikopa chake chauma chikusweka mukapinda, makamaka pansi pa madigadi pomwe tayala limawakhula. Ngati ali ofewa asiyeni, a fakitale amenewo mitundu yake nde ikuthandizani mawa vuto lina likabwera.