Chifukwa chake zombo zozembetsa mafuta sizingogwidwa

Achimwene, mwafunsa kuti popeza zombo zakalekale zonyamula mafuta a ku Russia ndi Iran zikudziwika, bwanji osangozigwira. Nkhani yagona pa mbendera.

Pangano la malamulo a panyanja la 1982, limene Mozambique nayonso inavomereza, limati chombo chikakhala pakati penipeni pa nyanja chimalamulidwa ndi dziko la mbendera yake basi. Dziko la m'mbali mwa nyanja mphamvu zake zenizeni zimathera pa mamailosi 12 a panyanja kuchokera pagombe, ndipo ngakhale m'menemo chombo chongodutsa mwamtendere sichiletsedwa. Tsono eni zombozi amakalembetsa ku Gabon, ku Cook Islands kapena ku Comoros, mawa asintha dzina, azimitsa AIS (kachipangizo kosonyeza pamene chombo chili), n'kumatsanulirana mafuta pamadzi pomwepo. Taganizani thiraki yosintha nambala pa chipata cha m'malire cha Cuchamano, n'kusinthanso pa cha Zóbuè. Wapolisi alemba iti?

Chinanso, malire a mtengo wa madola 60 pa mgolo wa mafuta a ku Russia amene anayamba mu Disembala 2022 anaikidwa ndi G7 (gulu la mayiko asanu ndi awiri olemera), European Union ndi Australia. Si lamulo la United Nations. India kapena China akagula, palibe lamulo lakwawo limene aphwanya. Mpata wokwera chombo umapezeka makamaka mbendera ikakhala yabodza, pakuti pamenepo chimatengedwa ngati chopanda kwawo. Ndi mmene asilikali a France anakwerera chombo chotchedwa Boracay mu 2025, chimene chinkati ndi cha ku Benin.

Koma ine chondidetsa nkhawa si ndale zawozo, ndi seguro, kapena kuti inshulansi. Zambiri mwa zombozi zadutsa zaka 15, zina 20, ndipo makampani akuluakulu a inshulansi sazikhudza. Pablo, ya mbendera ya Gabon, inaphulika pafupi ndi Malaysia mu Meyi 2023, mwayi wake inalibe katundu. Ifenso tinalawako: mu Epulo 1992 Katina P inataya mafuta akuda pafupi ndi Maputo, asodzi n'kusowa pogwira, kenaka anaikokera kutali komwe inamira. Imeneyo mwini wake ankadziwika. Nanga ya lero, yolembetsedwa pa kampani ya papepala, itang'ambika pafupi ndi Beira, mukasumira yani?

Wina anena kuti kuno ku Tete nyanja ili kutali. Ili kutali ndithu, koma dizilo wa m'mathanki amene amawoloka Zambezi tsiku lililonse amatsikira padoko lomwelo la Beira.