Tifunseni: Ma silayidi anga ndi okongola koma ana akuwodzera

Mwezi uno makalata ambiri achokera kwa aphunzitsi a konkuno ku Harare, kaya munachita kupangana kaya, ndiye ndatolapo atatu.

Funso: Ine ndimaphunzitsa giredi 6 pa sukulu ina ku Mufakose. Tinalandira pulojekita chaka chatha ndiye ahedi akuti tiziigwiritsa ntchito isamangokhala mu kabati. Ndimachezera usiku kukonza ma silayidi pa PowerPoint, manotsi onse ndimaika momwemo, mitundu yambiri, timaluwa m'mbali, mawu obwera chouluka, koma ndikafunsa mafunso pomaliza ana ali duu, ena akuwodzera. Ndikulakwitsa pati? Madamu a ku Mufakose

Yankho: Madamu, ndinena mosapsatira, mukuphika zambiri mu kamphika kakang'ono. Mwana ukampatsa mtanda wa nsima samameza wonse nthawi imodzi, amatema mbamu, ndipo mutu nawonso ndi chimodzimodzi. John Sweller wa ku Australia anafotokoza izi mu 1988, kuti mbali ya ubongo imene imagwira zinthu zatsopano imanyamula zochepa kwambiri pa nthawi imodzi, mukaidzaza zina zimangotayika. Ndiye taganizani, mwana wa zaka 11 akuwerenga ndime yaitali pa khoma, inu mukulankhula, uku mawu akuuluka kuchokera kumanzere, uko kaluwa kakuphethira, amvera ndani? Timaluwato ndi toyamba kuchotsa, pepani, ndikudziwa munataya tulo chifukwa cha ito.

Richard Mayer wa ku University of California, Santa Barbara, wakhala akuyesa zimenezi kwa zaka zambiri ndipo zimene anapeza n'zoti munthu amamva bwino akaona chithunzi uku akumva mawu a pakamwa, kusiyana ndi kuona chithunzi, kuwerenga ndime komanso kumva ndime yomweyo ikuwerengedwa. Maso ndi omwewo, sangayang'ane chithunzi ndi kuwerenga nthawi imodzi, pomwe makutu angokhala opanda ntchito yeniyeni. Ndiye manotsi aja akhale mu kope lanu kapena muwapatse ana pa pepala mukamaliza, pa khoma pakhale chithunzi ndi timawu tochepa basi.

Tiyerekeze mukuphunzitsa za mmene madzi amazungulira. Ikani chithunzi chimodzi cha Lake Chivero, poti ana ambiri amadziwa kuti madzi a m'mipopi ya Harare amachokera kumeneko, kamuvi kokwera m'mwamba ndipo pambali pake penipeni mulembe kuti nthunzi. Osati kuika manambala 1, 2, 3 pa chithunzi kenako matanthauzo ake pansi, mwana maso azingokwera ndi kutsika mpaka kusokonezeka. Mukamaliza kufotokoza za nthunzi ndiye mubweretse mitambo, kenako mvula, kenako mtsinje wa Manyame kubweza madzi mu damu muja. Apa ndi pokhapo pomwe ndimalola animeshoni, kubweretsa chinthu chimodzi chimodzi pa nthawi yake, zozungulira ngati pinifolo zija ayi. Silayidi imodzi mfundo imodzi, zilembo zisachepere sayizi 24, fonti imodzi yosavuta ngati Arial kapena Calibri, ziwiri zikachulukitsa. Ndipo mukaona kuti ana akuyang'ana khoma pomwe mukufuna akuyang'aneni inu, dinani B pa kiyibodi, sikirini imada bii, mukadinanso imabwerera.

Funso: Kwathu ku Epworth za pulojekita timangomva, ngakhale itabwera magetsi ake ndi ozimazima. Ine ndi manila, ma marker ndi fotokope basi. Nanga za dizayini zimenezi zikutikhudza ife? Ma tchati anga ana akumbuyo amati sakuona. Aphunzitsi a giredi 3

Yankho: Aphunzitsi, zikukukhudzani kwambiri, mwinanso kuposa a pulojekita aja chifukwa tchati chanu chikhala pa khoma teremu yonse. Musanalembe chonse, lembani mawu amodzi, mukhomeke pa bolodi, mupite kukakhala pa desiki yomaliza kumbuyo kwenikweni, mukhale pansi osati kuimirira, muone ngati mukuwerenga osatsinzina diso. Ambiri sitichita zimenezi, timalemba tchati chili pa tebulo pafupi ndi mphuno ndiye chilichonse chimaoneka chachikulu.

Nkhani ina ndi mitundu. Chikasu pa pepala loyera sichioneka, buluu pa manila obiriwira sichioneka, ngakhale mutakanikiza bwanji. Mawu akhale akuda kapena abuluu woderako pa pepala lowala, mtundu wowala ngati wofiira muusungire mawu amodzi kapena awiri amene mukufuna mwana asaiwale, chifukwa mukafiiritsa zonse ndiye palibe chimene chaonekera. Komanso pali ana ena amene maso awo sasiyanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira, amabadwa choncho, ndipo ambiri mwa iwo ndi anyamata, mwana amatha kukula osadziwa n'komwe kuti anzake amaona mosiyana. Ndiye mukalemba yankho lokhoza ndi chobiriwira lolakwa ndi chofiira, onjezani chongi ndi kamtanda, mtundu usagwire ntchito wokha. Izi zikuthandizaninso pa fotokope, poti makina aja mitundu yonse amaisandutsa yotuwa, mapu amene munakongoletsa zigawo ndi makrayoni atuluka ngati phulusa, bola kugwiritsa ntchito timizere ndi timadontho.

Kulemba zonse ndi zilembo zikuluzikulu ndi chizolowezi chathu aphunzitsi koma kwa ana a giredi 3 sizithandiza, m'mabuku mwawo amakumana ndi zilembo zing'onozing'ono ndiye tchati chizifanana ndi zimenezo. Jambulani mizere ndi pensulo ndi rula kuti mawu onse ayambire malo amodzi kumanzere, zinthu zogwirizana zikhale moyandikana, ndipo musaope kusiya malo opanda kanthu. Ndikudziwa manila ndi odula ndiye mtima umawawa kuona theka la pepala lili mbee, koma tchati chodzadza ngati kombi ya madzulo palibe mwana amachiwerenga.

Funso: Loweruka lililonse ndimaphunzitsa Chichewa ana a ku tchalitchi kwathu ku Highfield, ambiri agogo awo anachokera ku Malawi koma iwo amangolankhula Chishona. Ndimatumiza timavidiyo ndi zithunzi pa gulupu ya WhatsApp ya makolo, koma akudandaula kuti ndikuwathera bandulo, zithunzi zikufika zilembo zake zosaoneka bwino, ndipo chilembo cha ŵ chikutuluka ngati kabokosi. Ndithandizeni. Bambo a ku Highfield

Yankho: Bambo, ntchito mukugwirayi ndi yabwino zedi, pajatu malamulo a dziko lino a 2013 amatchula Chichewa m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka, ndiye anawo asachite nacho manyazi. Tiyambe ndi kabokosiko. Kamabwera chifukwa fonti imene mwasankha ilibe chilembo cha ŵ, makamaka mafonti okongoletsa aja opindikapindika a pa pulogalamu yokonzera zithunzi ya Canva. Sinthani muike Arial, Times New Roman kapena Noto Sans, zimenezi zili nacho, kenako musunge ngati PDF kuti pa foni ya wina zisasinthe maonekedwe.

Zithunzi zosaoneka bwinozo ndi WhatsApp imene imazifinya kuti zichepe, ndiye timalemba ting'onoting'ono timafufutika. Tumizani ngati document, osati ngati chithunzi, kapena kuzani zilembo, mawu asanu kapena asanu ndi limodzi pa chithunzi chimodzi. Kumbukirani kuti mwana akuonera pa kafoni ka amayi ake mwina kosweka galasi, ndiye konzani choimirira ngati mmene foni imagwiridwira, osati chogona ngati cha laputopu, ndipo mudzitumizire nokha kaye muone mmene chafikira.

Za mavidiyo, fupikitsani. Mu 2014 Philip Guo ndi anzake anafufuza mmene anthu amaonera mavidiyo pa edX, webusayiti ya maphunziro a pa intaneti, ndipo anapeza kuti chidwi chimatsika vidiyo ikapitirira mphindi 6, ndipo amenewo anali akuluakulu, nanji mwana wa zaka 8. Ine ndikanati mphindi ziwiri kapena zitatu, mutu umodzi, lero moni, sabata yamawa mayina a ziwalo za thupi. Ndipotu pophunzitsa chilankhulo chofunika kwambiri ndi khutu, chithunzi chimodzi cha nkhuku ndi voisi noti yanu mukutchula bwinobwino chingapose vidiyo imene yadya bandulo yonse, bola mujambulire m'chipinda mopanda phokoso, foni pafupi ndi pakamwa, nyimbo za pansipansi zija osaika zimaphimba mawu. Zithunzi zaulere mupeza pa Wikimedia Commons kapena Pixabay, koma mbale, mthiko, lichero, zijambuleni nokha kunyumba, pa intaneti mungafufuze tsiku lonse osapeza chipande. Nkhope za ana a eni ake zokha musaike pa gulupu musanafunse makolo awo.