Kodi setilaiti ya ku Zimbabwe ija ndi yawodi, kapena anangomatapo mbendera?

Mphunzitsi wina wa sayansi kusekondale wanditumizira imelo. Akuti ana a m'kalasi mwake anamva kuti Zimbabwe ndi Uganda ali ndi masetilaiti awoawo, ndipo anamupanikiza ndi mafunso. Iye akufunsa kuti: ngati masetilaitiwo anapangidwira ku Japan ndi kuulutsidwa ndi roketi ya ku America, mwini wake ndani kwenikweni? Ndipo dziko losauka limapindulanji ndi kanthu kotere, poti zithunzi za kumwamba zilipo kale pa intaneti?

Aphunzitsi, zikomo. Ana anuwo afunsa mwanzeru kuposa anthu ambiri amene amangoomba m'manja.

Tiyambe ndi kukula kwake, chifukwa ambiri akamva zoti setilaiti amaganiza chinthu chachikulu ngati basi. ZimSat-1 ya Zimbabwe ndi PearlAfricaSat-1 ya Uganda anali timabokosi ta masentimita 10 mbali zonse, tolemera kilogalamu imodzi ndi pang'ono. Mutha kukanyamula ndi dzanja limodzi. Mtundu umenewu umatchedwa CubeSat, ndipo muyezo wake anaukhazikitsa mu 1999 aphunzitsi awiri a ku California, Jordi Puig-Suari wa ku Cal Poly ndi Bob Twiggs wa ku Stanford. Vuto lawo linali la mphunzitsi aliyense: wophunzira amakhala pasukulu zaka zochepa, pomwe setilaiti yaikulu imatenga zaka zambiri kuti ithe. Ankafuna kanthu koti mwana akayambe, akamalize, n'kukaona kakuuluka asanalandire digiri. Oyamba anauluka mu 2003 pa roketi ya ku Russia.

Nzeru yake yagona pa muyezowo. Popeza tonse n'tofanana kukula, kunapangidwa mabokosi okhala ndi sipuling'i otinyamuliramo, ndipo timakwera ngati katundu wongowonjezera pa ulendo wa setilaiti yaikulu. Mu February 2017 roketi imodzi ya ku India inanyamula masetilaiti 104 nthawi imodzi, ambiri mwa iwo timabokosi totere. Mtengo unatsika mpaka yunivesite wamba n'kumakwanitsa.

M'katimo mulibe zodabwitsa. Muli mabatire ofanana ndi a laputopu, kakompyuta, kamera, wailesi, ndipo kunja kwake amamatako sola. Chimene chimandisangalatsa ine ndi mlongoti wa wailesi. Ambiri amaupanga ndi chitsulo chopyapyala chonga cha tepi yoyezera ya akalipentala. Amaupinda mozungulira bokosilo n'kuumanga ndi ulusi wa nayiloni wowedzera nsomba. Kabokosi kakaponyedwa mumlengalenga kamadikira mphindi 30 kali duu, kuti katalikirane ndi chimene chakaponya. Kenako kawaya kamodzi kamatentha, ulusi uja n'kuduka, mlongoti n'kutambasuka wokha. Ulusiwo ukakana kuduka, ntchito ya zaka ziwiri yathera pomwepo, chifukwa palibe woti akwere kukakonza. N'chifukwa chake asanakatumize amakagwedeza pa makina otsanzira kunjenjemera kwa roketi, n'kukaika m'chipinda chopanda mpweya momwe amakatenthetsa ndi kukaziziritsa mobwerezabwereza. Makina oyesera amenewa ndi okwera mtengo kuposa setilaitiyo, ndipo ndi chifukwa chimodzi chachikulu chimene mayiko ongoyamba kumene amapitira kwa anzawo.

Tsopano funso la umwini. Masetilaiti awiriwa anachokera mu pulogalamu yotchedwa BIRDS ya pa Kyushu Institute of Technology ku Japan. Dziko limatumiza mainjiniya ake achinyamata kukaphunzira kumeneko, ndipo m'zaka ziwiri iwowo ndi amene amajambula, kulumikiza ndi kuyesa setilaitiyo ndi manja awo, aphunzitsi akuyang'anira. Gulu loyamba mu 2017 linali la Ghana, Nigeria, Mongolia, Bangladesh ndi Japan, ndipo GhanaSat-1 inapangidwa ndi ophunzira ochokera ku All Nations University ya ku Koforidua. Kenako kunabwera Bhutan, Nepal, Sri Lanka, Paraguay ndi ena. Zimbabwe ndi Uganda anali m'gulu lachisanu. Roketi yawo inanyamuka ku Virginia mu November 2022 kupita ku International Space Station (ISS), siteshoni ya mumlengalenga momwe mumakhala asayansi, ndipo mu December anawaponya kunja kudzera m'chipinda cha Japan chotchedwa Kibo.

Ndiye yankho langa n'lakuti ndi yawo, monga momwe digiri ya munthu amene anaphunzira kunja imakhalira yake. Zipangizo zambiri zinagulidwa, fakitale yoyesera ndi ya eni, roketi ndi ya eni. Koma anthu a dzikolo ndi amene anaipanga, ndipo nzeru zinabwerera m'mitu mwawo. Apa pali kusiyana kwakukulu ndi kugula setilaiti yothaitha kwa kampani yakunja, kumene nduna imadula riboni koma palibe nzika imodzi yodziwa kuti waya uyu akupita kuti.

Njira zake si imodzi. Kenya inadzera mu KiboCUBE, mgwirizano wa ofesi ya United Nations yoona za mumlengalenga ndi bungwe la JAXA la ku Japan, momwe opambana mpikisano amawaponyera setilaiti yawo kuchokera ku Kibo osalipira ulendowo. 1KUNS-PF ya University of Nairobi, yopangidwa mothandizana ndi yunivesite ya Sapienza ya ku Rome, inaponyedwa mu May 2018. Mauritius inadzeranso momwemo mu 2021. Nigeria inayamba kale ndi kampani ya Surrey ya ku Britain: NigeriaSat-1 inauluka mu 2003, ndipo pofika 2011 mainjiniya a ku Nigeria anali atapanga okha NigeriaSat-X m'fakitale ya Surrey. Ethiopia inapita ndi China mu 2019. Aliyense wa abwenziwa ali ndi zofuna zake, musanamizidwe. Japan, China, Russia ndi mayiko a ku Ulaya akufuna abwenzi, misika ya zipangizo zawo, ndi malo oikapo milongoti yolandirira uthenga. Zimenezo sizolakwika, bola wokambirana mgwirizanowo adziwe chimene akufuna kubwera nacho kumudzi.

Funso lanu lachiwiri ndi limene limawawa. Kunena zoona, kabokosi ka masentimita 10 sikangapikisane ndi zithunzi zaulere zimene zilipo kale. Masetilaiti a Sentinel-2 a ku Ulaya amajambula malo aliwonse pa masiku asanu alionse, ndipo kadontho kamodzi pachithunzi kamaimira mamita 10. Zithunzi za Landsat za ku America zakhala zaulere kuyambira 2008. Sentinel-1 imagwiritsa ntchito rada, choncho imaona madzi osefukira ngakhale kumwamba kuli mitambo bii, monga kunalili pa namondwe Freddy mu March 2023. Munthu wofuna kudziwa mmene chimanga chikuchitira m'boma lonse, kapena mmene nkhalango ya Dzalanyama ikutheramo, safunika setilaiti yake. Afunika kompyuta, intaneti yodalirika ndi maphunziro owerengera zithunzizo. Ndikamva wandale akulonjeza kuti CubeSat imodzi ithetsa njala, ndimadziwa kuti sanafunse mainjiniya ake.

Komanso moyo wake ndi waufupi. Siteshoni ya ISS ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 400, ndipo kumeneko kukadali timpweya tochepa timene timakoka setilaiti pang'onopang'ono mpaka itagwa n'kupsa. Masetilaiti a gulu la GhanaSat-1 anaponyedwa mu July 2017 ndipo anapsa mu May 2019. Setilaiti yotere ili moyo imazungulira dziko pa mphindi 90 zilizonse, koma imaoneka pamwamba pa siteshoni yanu ya pansi kwa mphindi 10 zokha kapena kuchepera, kangapo patsiku. M'mphindi zimenezo muyenera kuituma ndi kutsitsa zithunzi pa wailesi yochedwa kwambiri. Apa ndi pamene mgwirizano umaonekera phindu lake lenileni: mayiko a mu BIRDS analumikiza masiteshoni awo a pansi, kuti setilaiti ikadutsa kwa mnzako akumverere uthenga n'kukutumizira pa intaneti. Mafunde a wailesinso sumangodzisankhira. Amadutsa ku ITU, bungwe la ku Geneva loona za mafunde a wailesi padziko lonse, kudzera kwa woyang'anira mafunde m'dziko mwanu, amene kwathu kuno ndi MACRA.

Nanga phindu lili pati? Lili mwa anthu atatu kapena anayi amene abwerako atadziwa kuyendetsa ntchito yosalola kulakwitsa, kuyambira pa pepala mpaka kumapeto. Anthu otere ndi amene amatha kuwerenga kontirakiti ya setilaiti yaikulu n'kuona pamene boma likuberedwa. Chitsanzo chabwino ndi South Africa. Cape Peninsula University of Technology inayamba ndi ZACube-1 mu 2013, inapitiriza ndi ZACube-2 mu 2018, ndipo mu January 2022 inaulutsa masetilaiti atatu a MDASat-1 olondola sitima zapamadzi m'nyanja za dzikolo. Ntchitoyo ndi yoyenera kabokosi kakang'ono, chifukwa kumvera uthenga wa sitima sikufuna kamera yaikulu. Anafika pamenepo chifukwa sanalekeze pa yoyamba. Kumene zimalephereka n'kumene mainjiniya abwerako n'kupeza kulibe labotale, kulibe bajeti ya setilaiti yachiwiri, ndipo pakatha chaka alembedwa ntchito kunja.

Za ana anuwo, simufunika kudikira boma. Kachipangizo ka wailesi kolowetsa pa USB kotchedwa RTL-SDR n'kotsika mtengo, ndipo mlongoti wake mutha kuupanga ndi waya ndi thabwa. Ma CubeSat ambiri a mayunivesite amalankhula pa mafunde a 437 MHz, ena mwa Morse (timaphokoso tatifupi ndi tatitali toimira zilembo), ndipo pali mapulogalamu aulere monga Gpredict osonyeza nthawi imene setilaiti idutse pamwamba pa sukulu yanu. Mufunse kaye ku MACRA za malamulo ake musanaganize zotumiza uthenga, koma yambani ndi kumvetsera. Ngati kusukulu kuli intaneti, atsegulireninso Copernicus Browser, webusaiti yoonetsa zithunzi za Sentinel zija, afufuze mudzi wawo, ayerekeze chithunzi cha February ndi cha October.